Kodi mlonda ndi wofunika ngati wogulitsa? Yankho kwa mayi wa bekale ku Dedza

Funso

Ndili ndi bekale pa boma la Dedza ndipo ndili ndi antchito 19: ophika, ogulitsa pakauntala, madalaivala awiri amene amaperekera buledi ku Bembeke, Chimbiya, Linthipe mpaka ku Lizulu, mayi wokonza, ndi alonda awiri. Pa Khirisimasi ndinapereka bonasi kwa ogulitsa ndi madalaivala okha poti ndi amene amabweretsa ndalama. Chiyambire pomwepo pantchito pazizira. Ophika amangoyankha moni basi, ndipo mlonda mmodzi wasiya. Amuna anga akuti ndisavutike, mlonda ndi wokonza amapezeka tsiku lomwelo. Mwana wanga wa ku koleji akuti wantchito aliyense azitengedwa kuti ndi wofunika kuti kampani ipite patsogolo. Kodi ndiye kuti ndiziwalipira onse mofanana? Kapena ndi nkhani za m'mabuku chabe?

Mayi wa bekale, Dedza

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi kukuikani mtima m'malo: simukuyenera kulipira onse mofanana. Wophika amene wakhala pa uvuni zaka 7 sangalandire chimodzimodzi ndi mnyamata wobwera mwezi watha kudzanyamula matireyi, ndipo antchito anu eni ake sayembekezera zimenezo. Bambo akunyumba nawonso sananame kwenikweni. Mutati mulengeze m'mawa kuti mukufuna mlonda, pofika masana pageti padzakhala podzaza. Koma pa bonasi ija munaphonya, ndipo chokuphonyetsani chili m'kalata yanu momwemo, pamene mwati ogulitsa ndi madalaivala ndi amene amabweretsa ndalama. Iwowo ndi amene amailandira m'manja. Yemwe waibweretsa timupeza tikamutsatira buledi kuchokera pamene akadali ufa m'thumba.

Anthu ali mtulo, wophika wanu ali pasikelo kuyeza ufa, shuga, mchere ndi yisiti. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo za Juni ndi Julayi wakumeneko mukuzidziwa kuposa ine. Kukazizira mtanda umachedwa kufufuma. Wophika wozolowera amadziwa kuti usiku wotero madzi akhale ofunda koma osatentha, poti otentha amapha yisiti, ndiponso kuti mtanda audikire kanthawi asanaulowetse mu uvuni. Akapupuluma, buledi amatuluka wolimba, wosadzaza thini. Mu Okutobala zinthu zimatembenuka: mtanda umafufuma msanga, ukauchedwetsa umagwa n'kuyamba kuwawasa. Magetsi akathima mtanda uli kale m'mathini, ndi iye amene amaganiza mwachangu chochita kuti matumba awiri a ufa asapite kudzala. Zonsezi sizinalembedwe paliponse, zili m'mutu ndi m'manja mwake. Wogulitsa wanu akhale wansangala chotani, buledi akatuluka wopserera pansi masiku atatu otsatizana, wagolosale wa pa Chimbiya ayamba kutenga wa galimoto zochokera ku Lilongwe, ndipo sadzakuimbirani foni kukuuzani chifukwa chake.

Mayi wokonza uja ndiye waima pakati pa inu ndi makoswe. Pamene pali ufa ndi shuga sipasowa makoswe ndi mphemvu, ndipo a zaumoyo a kukhonsolo kapena a Malawi Bureau of Standards akatulukira sayamba n'kufunsa kuti mwagulitsa zingati. Amasuzumira pansi pa matebulo, kuseri kwa matumba ndi kuchimbudzi. Malo opangira zakudya amatsekedwa pa zifukwa zoterezi, ndipo tsiku limene mwatsekedwa wogulitsa alibe chogulitsa, dalaivala alibe chonyamula.

Mlonda ndiye amadziwa zambiri kuposa mmene mukuganizira. Amadziwa kuti lole inatsitsa matumba angati, ndani anatuluka ndi chigubu cha dizilo, galimoto inabwera nthawi yanji ndiponso kuti m'mbuyo munali matireyi okha kapena munalinso matumba a mbatatesi a munthu wina amene ananyamulidwa pa Lizulu ndi mafuta anu. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 munaona nokha pamene mtengo wa thumba la ufa unakafika. Thumba limodzi lodumpha mpanda sabata iliyonse limadya phindu la mabuledi ambirimbiri amene ogulitsa anu awathetsera mawu pakauntala.

Mfundo yanga yagona pamenepa. Ndalama imalowera pakauntala, koma yambiri imene imatayika imatayikira kumbuyo: mu ufa wowonongeka, mu buledi wobwerera, mu dizilo, m'zinthu zotuluka usiku. Amene amayamba kuona kutayikako ndi omwe aja sanalandire bonasi. Zimene akuonazo zimakufikani pokhapokha ngati iwo akuona kuti bekaleyo ikuwawerengera. Munthu amene mwamuuza, ngakhale osati ndi pakamwa, kuti iye si wobweretsa ndalama, sadzaba ayi, ambiri ndi anthu okhulupirika. Adzangosiya kunena. Adzaona mpopi ukudontha n'kudutsa, adzamva jenereta ikulira mwachilendo n'kudikira kuti ife yokha. Kuzizira mwakutchula m'kalata yanu n'kumeneku, ndipo mtengo wake suoneka m'buku la mwezi uno.

Bambo akunyumba muwafunse chonchi: ngati ulonda ndi ntchito yosafunika, bwanji osangoithetsa n'kusunga ndalamazo? Adzakana, chifukwa akudziwa chimene chingachitike usiku woyamba womwe. Ntchito iliyonse imene mukuilipira munavomera kale kuti popanda iyo bizinesi siyenda. Chimene chimapezeka msanga pageti ndi munthu woti avale yunifolomu. Munthu wodziwa kuti loko wa kusitolo amavuta pati, ndani amaloledwa kulowa usiku, ndiponso amene mungamusiyire makiyi mtima uli zii, ameneyo amapangika ndi miyezi. Kumbukiraninso kuti kwanuko wachinyamata wodziwa ntchito ali ndi kolowera. Angakalime mbatatesi kwawo, angayambe geni ya kabichi ndi tomato pa Bembeke kapena pa Tsangano Turn-off, angakwere njinga yamoto ya kabaza, ena amawoloka malire kulowa ku Mozambique kapena kulunjika ku Joni. Oyamba kuchoka amakhala aluso, poti ndi amene ali ndi kopita. Otsalira ndi amene alibe pogwira.

Tsono tisanakambe za bonasi ndi mawu okoma, tiyambe ndi zimene si chifundo chanu koma mangawa anu. Ndimaona mabwana ambiri akuthamangira kupereka satifiketi ya wantchito wabwino wa mwezi pamene malipiro a mwezi watha sanatuluke. Ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera, ndipo tsatanetsatane wake ali mu lamulo la zantchito, Employment Act ya chaka cha 2000. Lamuloli silisiyanitsa wogulitsa ndi wosesa. Aliyense ayenera kupatsidwa kalata yofotokoza ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake, komanso pepala losonyeza mmene malipiro ake awerengedwera nthawi iliyonse imene akulandira. Malipiro otsikitsitsa amene boma limalola anakwera kufika K90,000 pamwezi mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu 2025. Chiwerengerochi chimasinthasintha ndipo magulu ena a antchito ali ndi chawochawo, choncho pitani ku ofesi ya zantchito pa boma pomwepo mukatenge chimene chikugwira ntchito lero. N'kwabwino kupitako nokha kusiyana n'kuitanidwa.

Pa maola ndi pamene mabekale ambiri amagwera m'mbuna. Maola a ntchito pasabata ndi 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo ayenera kulipidwa: ola la ovataimu wamba limalipidwa ola limodzi ndi theka, pamene la tsiku lopuma kapena la holide ya boma limalipidwa kawiri. Alonda ali ndi kawerengedwe kawo m'lamulo lomwelo, koma nawonso maola opyola 48 si aulere. Tawerengani nokha: mlonda wolowa 6 koloko madzulo n'kutuluka 6 koloko m'mawa, masiku 6 pasabata, wagwira maola 72. Maola 24 apamwambawo munawalipirapo? Ophika amene amayamba pakati pausiku n'kudzaweruka masana, makamaka sabata ya Khirisimasi pamene maoda a masikono ndi makeke amachuluka, anapatsidwa chiyani? Ndikukayika ngati mkwiyo wawo uli pa bonasi yokha. Kawirikawiri bonasi imangotsegula chilonda chakale. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo lamulo litasinthidwa mu 2021 abambo nawo anapatsidwa masabata awiri.

Palinso penshoni. Kuyambira pa lamulo la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, wolemba ntchito amaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Kampani zina zimalembetsa a muofesi okha n'kuwasiya osesa ndi alonda ngati aganyu, chikhalirecho anthuwo akhala pamenepo zaka. Wantchito amazidziwa zimenezi, ndipo palibe phwando la kumapeto kwa chaka limene lingamuiwalitse. Wina akapsa pa uvuni kapena kudulidwa chala ndi makina odulira buledi, lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito, Workers' Compensation Act ya 2000, limaika udindo pa inu, kotero magolovesi, nsapato ndi kabokosi ka mankhwala musazione ngati zowonongetsa ndalama. Ndipo chizolowezi chodula malipiro ngati chilango, monga K5,000 chifukwa chochedwa, chisiyeni: lamulo sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa.

Mwana wanu mwina anakumana nalo m'kalasi dzina la Frederick Herzberg, katswiri wa ku America amene m'zaka za m'ma 1950 anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh za zimene zinkawasangalatsa ndi kuwakhumudwitsa pantchito. Iye anapeza kuti zokhumudwitsa, monga malipiro, malo ogwirira ntchito ndi kachitidwe ka mabwana, n'zosiyana ndi zimene zimamupatsa munthu mangolomera, monga kupatsidwa udindo ndi kuyamikiridwa. Akatswiri ena anamutsutsa, ndipo ine ndimati anthu amene ankawafunsawo sankagona ndi njala. Kwa munthu amene malipiro ake amathera pa thumba la chimanga ndi lendi, ndalama si nkhani yachiwiri. Komabe dongosolo lake ndi lothandiza: chotsani kaye zopweteka, zokometsera zibwere pambuyo.

Ndikuchenjezeni za mawu amodzi amene mabwana akwathu kuno amawakonda: "pano tonse ndife banja limodzi". Pamsonkhano amawonjezera mwambi woti mutu umodzi susenza denga, anthu n'kuwomba m'manja. Koma antchito anaphunzira kale kuti mawuwa amatuluka nthawi yopempha kuti agwire Lamulungu popanda malipiro, ndipo amasowa nthawi yogawana phindu. Musawanene. Choopsa china ndi banja lenilenilo. Mabizinesi ambiri a m'maboma mwathu muli mphwake wa bambo pa kashiya, mlamu pa sitolo, mwana wa achemwali pa galimoto. Kulemba wachibale si mlandu. Mlandu umayamba pamene mphwake wafika 9 koloko palibe womufunsa, pomwe wokonza akachedwa mphindi 10 amakalipiridwa pamaso pa makasitomala. Aliyense amaona kuti pali a magazi ndi obwera, ndipo wobwera sangaulule za wachibale ngakhale atamuona akutulutsa thumba masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati muli ndi achibale pa bekale, lamulo lowakhudza likhale lomwe lija la ena onse, ndipo muwauze bambo akunyumba zimenezi musanawauze antchito.

Tifike pa kumva, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna muikepo mphamvu zanu. Ife tinaleredwa kuti wamng'ono satsutsa wamkulu pagulu. Mukaitanitsa msonkhano wa anthu onse n'kufunsa kuti pali vuto lanji, mudzamva "zonse zili bwino, madamu", kenako adzakayankhulira kuseri kwa uvuni. Bokosi la maganizo nalonso limangodzaza fumbi, kapena makalata opanda dzina onena za zibwenzi za anthu. Njira imene imagwira ndi yopita kumene munthu akugwirira ntchito, pa nthawi yake ya ntchito, n'kumufunsa funso limene sangaliyankhe ndi "zili bwino". Tsiku lina mudzuke 3 koloko m'bandakucha mukaime ndi ophika. Afunseni kuti ndi ufa wa kampani iti umene umawavuta, ndi mbali iti ya uvuni imene imapsereza, n'chiyani chimene amataya kwambiri. Wokonza mumufunse kumene waona ndowe za makoswe. Dalaivala mumufunse kuti ndi golosale iti imene yachepetsa oda ndipo anamva kuti chifukwa n'chiyani. Mlonda mumufunse mbali ya mpanda imene imamudetsa nkhawa. Ndiye pa zimene mwamvazo musankhepo chimodzi chotheka, muchikonze sabata yomweyo, n'kunena pamaso pa onse kuti nzeruyi inachokera kwa uje. Mukafunsa kawiri osachitapo kanthu, kachitatu sadzakuyankhani.

Ku Japan, kampani ya Toyota inatchuka ndi chingwe chimene chimadutsa pamwamba pa anthu olumikiza galimoto m'fakitale. Wantchito aliyense, ngakhale wolembedwa kumene, akaona cholakwika amakoka chingwecho, kapitawo n'kuthamangira pomwepo, ndipo vutolo likapanda kutheka msanga mzere wonse umaima. Anawerengera kuti kuima mphindi zochepa n'kotchipa kusiyana n'kutulutsa galimoto zambiri zolakwika. Inu chingwe simukuchifuna, koma funso lake likukukhudzani: kodi wophika wamng'ono ali ndi mphamvu yonena kuti buledi uyu asakwere galimoto? Kodi wokonza angauze wophika wamkulu kuti asambe m'manja, osaopa kutukwanidwa? Kodi mlonda angakane kutsegulira geti mlamu wanu usiku popanda chilolezo chanu, n'kudzuka ntchito ikadalipo? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti anthuwa mwawapatsa ntchito koma mwawamana mphamvu yoigwirira. Muwapatse mphamvuzo poyera, ndipo tsiku loyamba limene mmodzi adzazigwiritse ntchito n'kukutayitsani matireyi awiri a buledi, mudzamuyamikire ngakhale mtima ukuwawa. Onse adzakhala akuyang'ana nkhope yanu tsiku limenelo.

Apa pali msampha umodzi. Kumva za ntchito n'kosiyana ndi kuweta akazitape. Bwana akakhala ndi munthu mmodzi womunong'oneza za anzake, ena onse amatseka pakamwa ndipo wonong'onezayo amasanduka mfumu. Wina akabwera ndi nkhani ya mnzake, mufunseni za katundu, tsiku ndi nthawi, zinthu zoti mungazitsimikize m'buku. Za kuti uje amati chiyani za inu, muuzeni kuti simukuzifuna.

Zina n'zazing'ono moti mungaseke, koma antchito amaziwerenga. Munthu wa imvi kumuitana kuti "iwe gadi" pamene wogulitsa wa zaka 22 mukumuti "asisi", zimamveka mpaka kwawo. Muitaneni ndi mfunda kapena chiwongo chake, a Phiri, a Mbewe, aNabanda, monga mmene mungachitire mutakumana naye ku tchalitchi. Tiyi akhale mmodzi: osati wamkaka kutsogolo, wopanda shuga kumbuyo. Mlonda wa ku Dedza wopanda jekete lochindikala, tochi ndi kanyumba kobisalamo mphepo ya Julayi adzapeza pogona pofunda, ndipo simungamunene. Pa maliro ndiye samalani kwambiri. Lembani lamulo limodzi la masiku opita kumaliro, chipepeso, ndi thandizo la galimoto kapena bokosi, ndipo likhale lofanana kwa onse. Palibe chimene chimakhala pamtima nthawi yaitali ngati kuona kuti mayi a dalaivala atamwalira bwana anapita yekha ndi galimoto, koma mwana wa wokonza atamwalira panangotumizidwa uthenga pafoni.

Tsopano bonasi. Kupereka komishoni kwa ogulitsa si kulakwa. Ntchito yawo imayezeka mosavuta ndipo komishoni imawalimbikitsa. Cholakwika chinali kupereka mphatso ya chaka chonse kwa gulu limodzi, mosalengeza, pa ntchito imene anagwira onse. Zilekanitseni ziwirizi. Komishoni ikhale gawo la malipiro a ogulitsa, yodziwika kuyambira Januwale. Bonasi ya kumapeto kwa chaka ikhale ya aliyense, ndipo muimangirire pa zinthu zimene onse angazikhudze: buledi wobwerera achepe, thumba la ufa litulutse mabuledi okwanira, dizilo agwirizane ndi maulendo, katundu asasowe, oyendera zaukhondo asapeze chifukwa. Muzilemba manambalawa pabolodi mwezi ndi mwezi kuti aliyense aziona kumene zikupita. Kagawidwe kake tiyerekeze motere: mwapatula K950,000. Theka lake, K475,000, mugawe mofanana kwa anthu 19, aliyense K25,000. Theka linalo ligawidwe potengera malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira. Wophika wamkulu adzatenga zambiri kuposa wonyamula matireyi, koma palibe wopita kunyumba chimanjamanja pamene mnzake wanyamula shuga ndi mafuta ophikira. Za Khirisimasi yapitayi musachite ngati sizinachitike. Auzeni mwachidule kuti kagawidwe kaja sikanayende bwino ndipo chaka chino kadzayenda motere. Ngati thumba likulola, amene anatsala aja apatseni kenakake pa Isitala. Zolankhula zisatalike, iwo adzakhulupirira akadzaona envelopu.

Kunena kuti aliyense ndi wofunika sikutanthauza kuti aliyense ndi wosakhudzika. Waulesi ndi wakuba mukawalekerera, mwanyoza amene akugwira ntchito mokhulupirika. Chofunika n'kutsata njira: ndime 57 ya Employment Act imati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndiponso apatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumunenera. Mabwana ambiri amene amagonja ku khoti la nkhani zantchito la Industrial Relations Court sagonja chifukwa choti wantchitoyo anali wosalakwa, amagonja chifukwa anamuthamangitsa ndi mkwiyo osamumva. Njira imeneyi ikhale yomweyo kwa wosesa ndi kwa kapitawo.

Samalaninso ndi wofunika mopyola muyeso. Bekale zambiri zili ndi wophika mmodzi amene amasunga miyezo yonse m'mutu, ndipo akadwala kapena akanyanyala uvuni umazima. Ameneyo mumulipire bwino, koma mumupatsenso ntchito yophunzitsa ena, ndi kandalama kapadera ka uphunzitsiwo kuti asaone ngati mukumukumbira dzenje. Miyezo ilembedwe. Wonyamula matireyi aphunzire kukanda, wokonza amene ali ndi chidwi aphunzire kupaka buledi m'mapepala kapena kuima pakauntala tsiku la msika. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo olemba ntchito amalisonkhera K1 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndi loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Kafunseni zimene lingachitire anthu anu. Wosesa akaona mnzake amene anayamba ndi tsache ali pa uvuni, amadziwa kuti pakhomo pano pali njira yokwerera.

Mlonda amene wasiya uja mumufunefune. Lamulo limati zonse zimene munthu akuyenera kulandira ntchito ikatha, kuphatikizapo masiku a tchuthi amene sanapite, zilipidwe pasanathe masiku 7, ndipo akapempha kalata yosonyeza kuti anagwirapo ntchito kwa inu mumupatse. Mukamulipira, mukhale naye pansi panokha, popanda bambo akunyumba kapena kapitawo, mumufunse chimene chinamuchotsa ndi zimene ankaona usiku. Munthu amene wachoka kale saopa kanthu, ndipo mungamve zimene otsalawo sangakuuzeni. Akafuna kubwerera ndipo mbiri yake inali yabwino, mulandireni.

Koma mawa lomwe yambani ndi mlonda amene watsala. Ngati simunalembe wina, ndiye kuti munthu ameneyo akugwira usiku uliwonse popanda kupuma chichokereni mnzake, pamene lamulo limafuna kuti akagwira masiku 6 otsatizana apume maola 24. Mupezereni womulandira sabata ino, ngakhale wongogwirizira, muwerenge masiku ake opuma amene wagwira, ndipo mumulipire pamodzi ndi malipiro a mwezi uno.